Kodi Dzanja Lokodolalo Ndi la Yani?

Mtsikana wina wa m'banja mwathu, amene ali Fomu 2 pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chintheche, adationetsa kope lake la Chingerezi. Pa tsamba lina aphunzitsi adapatsa ana mau khumi oti apeze matanthauzo ake, ndipo pakati pa mauwo padali liu lakuti "beckon". Mwanayo adalemba pambali pake kuti "kukodola", aphunzitsi nachonga ndi cholembera chofiira. Ife sitikuŵatsutsa aphunzitsiwo ai, pakuti munthu aliyense wodziŵa zilankhulo ziŵirizi akadayankha chimodzimodzi. Komabe titatseka kope lija mtima wathu sudakhale pansi. Mau aŵiriŵa ali ngati ana a mimba zosiyana amene angofanana nkhope: tsiku loyamba umaŵasokoneza, koma ukakhala nawo sabata imodzi umaona kuti mayendedwe ao ngosiyana kutalitali.

Tiyambe ndi liu lathu. Amene adaimapo pa mchenga wa ku Chintheche m'maŵa wa mwezi wa Juni kapena Julayi, mwera utakwiya, adziŵa kuti pamenepo pakamwa sipagwira ntchito. Mafunde amasweka mosalekeza, ndipo mphepo imalanda mau asanafike kwa mwiniwake. Tsono msodzi amene akuyandikira kumtunda, akafuna kuti anzake adzamthandize kukoka bwato, safuula. Amatukula dzanja, chikhato chitayang'ana pansi, napinda zala zinai zonse pamodzi kaŵiri kapena katatu, monga ngati akupalasira mpweya kwa iye mwini. Pa mchenga paja palibe amene amafunsa kuti akutanthauzanji. Uku ndiko kukodola. Ngakhale pafupi timakodolana: mnzako amene wakhala naye pa mphasa imodzi umamkhudza pang'ono kuti atembenuke, ndipo pamenepanso timati wamkodola.

Chimene mwana saphunzira m'kalasi, chifukwa adachiyamwira kale kubere, nchakuti kukodola kuli ndi mwambo wake. Mai amakodola mwana wake pamaliro, pomwe kufuula kukadakhala chipongwe. Anthu a msinkhu umodzi amakodolana popanda mlandu. Koma mwana sakodola agogo ake; amanyamuka, napita pomwe iwo akhala, nagwada, nanena mau ake motsitsa. Mkamwini amene angakodole apongozi ake, mbiri yake ingamveke mudzi wonse dzuŵa lisanaloŵe. Ndipo munthu woleredwa saitana mnzake ndi chala chimodzi. Makolo adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akadafunsidwa, akadaonjeza kuti sichiitananso munthu. Kuno kwa Atonga, tinene mongodutsa, ngakhale kuitana kwa pakamwa kuli ndi kamsampha kake, pakuti iwo amati "kudana", mwakuti Mcheŵa wongofika kumene akamva liu limeneli amayesa kuti pabuka chidani, chonsecho angomuitana kuti akadye kondowole.

Pamwamba pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene tikupempha aŵerengi kuti achisunge pamene tikupitirira. Wokodola amaoneka. Sungakodoledwe ndi munthu amene sukumuona, pakuti dzanja lobisika siliitana. Ukayankha, umayankha nkhope imene waiona, ndipo zikakuipira kumene wakuitanirako, umadziŵa khomo lokadandaula.

Mngerezi nayenso amakodola, koma dzanja lake limagona chagada: chikhato chimayang'ana kumwamba, zala nkumapindikira kwa iye, ndipo nthaŵi zina chimagwira ntchito ndi chala cha mkombaphala chokha. M'chaka cha 1979 Desmond Morris ndi anzake adatulutsa buku lotchedwa Gestures, atafunsa anthu za zizindikiro za manja m'malo 40 a m'maiko 25, ochuluka a ku Ulaya. Adapeza kuti ngakhale Azungu eni ake sagwirizana: a ku Britain ndi maiko a kumpoto amakodola chikhato chili m'mwamba, pamene ku Italy ndi ku Spain ambiri amakodola monga ife. Ku Japan nakonso nchimodzimodzi. Kachidole ka mphaka kogwedeza dzanja kamene timakaona m'masitolo ena m'tauni kadayambira kumeneko. Mzungu akakaona amayesa kuti kakutsazika, chonsecho kakukodola ogula kuti aloŵe.

Kusiyana kumeneku timakuona pa gombe lathu lomwe. Tsiku lina ku Kande tidaona mai wachizungu akutsazika tiana timene tinkasamba m'nyanja. Adatukula dzanja namatseka ndi kutsekula zala, monga amachitira kwao potsazika ana. Tianato tidavuuka m'madzi nkumthamangira. Iye adakwinya nkhope, poyesa kuti tadzapempha ndalama. Tiana nato tidabwerera ndi manyazi, tosamvetsa kuti munthu wamkulu angaitane ana kenaka nkuŵakana.

Imeneyo ndi nkhani yoseketsa. Yosaseketsa ndi ya mphwathu wina amene amaperekera zakudya pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Iye adatiuza kuti chimene chidamvuta kuzoloŵera pa ntchitoyo sichidali Chingerezi, kapena kunyamula mbale zinai pa mkono umodzi, koma kachala. Mlendo wamng'ono kwa iye, ali chigonere pa mpando, amatukula kachala kamodzi nakapinda, ndipo iye, bambo wa ana aŵiri, ayenera kunyamuka akumwetulira. Buku la Chingerezi likamasimba zotere limangoti mlendoyo adachita "beckon", liu lomwelo limene lingagwire ntchito pa mai wokodola mwana wake mwachikondi. Liulo silikuuza ngati woitanidwayo walemekezedwa kapena wanyozedwa. Koma tisaŵanamizire Angerezi: kwaonso kuitana munthu wamkulu ndi chala chimodzi amakuyesa kudzikuza, ndipo umboni wake uli m'chilankhulo chao momwe. Ali ndi kanenedwe kakuti "beck and call", m'mene "beck" ndi chidule cha liu lomwe tikukambali, ndipo amanena za munthu wopanda nthaŵi yakeyake, wongodikira kuti bwana agwedeze chala. Agogo athu amene adakalamba akuphikira Azungu ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ankalidziŵa tanthauzo la kanenedweka ndi miyendo yao, ngakhale aja amene sadakaŵerengepo m'buku.

Pa tanthauzo loyambali, loitana munthu ndi thupi, mau aŵiriŵa amakumanadi, ndipo malo amene amakumanirana bwino koposa ndi pa nyanja. M'mutu 5 wa Uthenga Wabwino wa Luka, makoka a Simoni atayamba kung'ambika chifukwa cha kuchuluka kwa nsomba, asodziwo adaitana anzao a m'chombo china popanda mau. Baibulo la Chingerezi la 1611 lidaika "beckon" pamenepo, ndipo Buku Lopatulika lidaika kukodola. Liu la Chigriki limene Luka adalemba limanena za kugwedeza mutu, ndipo msodzi aliyense wa ku Bandawe angakuuzeni chifukwa chake: manja onse aŵiri adali pa khoka. Koma omasulira Jerusalem Bible ya 1966 adalisiya liu lakaleli nasankha lina longotanthauza kupereka chizindikiro. Ichi chitionetsa kumene mphepo ikuloŵera. Pocheza tsiku ndi tsiku Mngerezi satchula "beckon" kaŵirikaŵiri. Liuli lidasamukira m'mabuku, m'manyuzipepala ndi m'zolengeza malonda, ndipo kumeneko lili ndi ntchito ina imene kope la mwana wathu silidatchule.

Ntchitoyo ndi iyi: m'Chingerezi chinthu chopanda dzanja chingathe kuchita "beckon". Mzinda ungatero, chuma chingatero, ulendo, nyanja, ngakhale tsogolo limene. Kuti timvetse bwino tiyenera kufukula muzu wa liuli. Lidachokera ku liu la Chingerezi chamakedzana lotanthauza chizindikiro, lomwenso lidabala "beacon", ndiye kuti moto woyatsa pamwamba pa phiri kuti anthu akutali auone. Ndi moto wotere umene Angerezi adachenjezana nawo mu 1588, zombo zankhondo za ku Spain zitaoneka pa nyanja yao. Moto umaoneka patali, koma wouyatsa saoneka.

Ife a kunyanja sitisoŵa kupita ku England kuti tikaone zimenezi. Usiku wopanda mwezi, mukaima pa Chintheche nkuyang'ana kuvuma, mumaona nyali zitandanda pamadzi ngati kuti mudzi wina wamera pakati pa nyanja. Amenewo ndi asodzi a chilimira. Mmodzi wa iwo amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali, kale za parafini, masiku ano zambiri za mababu oyendera batire, ndipo dzina lake, lobwerekanso ku Chingerezi, ndi siginala. Ntchito yake nkusonkhanitsa usipa ndi kuŵala, kenaka nkuutsogolera pang'onopang'ono ku kamwa la khoka, nauza alovi, anzake okoka aja, kuti nthaŵi yakwana. Siginala waluso amalemekezedwa, ndipo gawo lake limaposa la anzake. Sitikumnyoza, usipa wakewo nafenso ndiye ndiwo zathu. Tikungonena kuti usipa umaona nyali, suona siginala, ndipo za khoka sudziŵa nkomwe. Chingerezi chikadati nyaliyo ikuchita "beckon". Chicheŵa sichilola kunena kuti nyali ikukodola usipa, chimati ikuukopa.

Boma la Nkhata Bay lili ndi chifukwa chapadera choliyang'anitsitsira liu limeneli. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, Atonga adalandira sukulu msanga kuposa mitundu yambiri, ndipo Chingerezi chimene adaphunzira chidaŵatsekulira njira ya kumwera. Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, adachoka kwao mu 1915, ndipo mu 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito la ICU, limene lidagwedeza dziko la South Africa. Adamwalira ku East London mu 1951. Iyeyo adatchuka. Anzake zikwizikwi maina ao amakumbukika m'mabanja mwao mokha. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 akufufuza za moyo wao, adapeza kuti amuna oposa theka sadali kumudzi. Ena ankabwera ndi njinga, masuti ndi makina osokera. Ena adasanduka machona, akazi ao nakalamba akuviika chinangwa okha, ana nakula akudziŵa atate ao pa chithunzi chopachika pa khoma.

Tsono tamvani m'mene mbiri yotere imakomera m'Chingerezi. Wolemba angathe kungoti migodi ya golide idachita "beckon", chiganizo nkuthera pomwepo, chosalala ngati mwala wa m'nyanja. M'chiganizo chimenecho mulibe msonkho umene boma la atsamunda lidaika, wosoŵetsa mwamuna tulo kufikira atapeza ndalama. Mulibe eni migodi ofuna manja otsika mtengo, mulibe Wenela ndi alembi ake, mulibenso chifuwa cha fumbi chimene ambiri adabwera nacho kudzafera kwao. Mgodi sudatukulepo dzanja. Padali anthu, okhala ndi maina ndi maofesi, amene adayatsa nyali nayala khoka. Pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha Amalaŵi oposa 70 obwerera kwao, Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita ku migodi. Adadziŵa khomo logogoda: sadakalipire golide, adakalipira bungwe. Kulembako kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkudzalekeka mu 1988.

Tisakane kuti liu la Chingerezili limakhudza chinthu choona. Mnyamata amene waima pa doko la Nkhata Bay akuyang'ana Ilala ikunyamuka, monga akhala akuimira anyamata chiyambire 1951, amamvadi kanthu kakumkoka, ngakhale palibe amene wamuitana. Koma taonani m'mene ife timanenera: timati mtima wake wapita kale, kapena kuti ulendo wamuloŵa m'mutu. Chikokacho timachiika mwa iye mwini, kuti akamanyamuka adziŵe kuti wasankha yekha. Ndipo ngati chachokera kunja, timatchula dzina la wochibweretsa. Chingerezi chimachiika mwa chinthu chosalankhula, choti sungachitengere ku bwalo la amfumu.

Apa ndiye pagona dandaulo lathu. Pa ntchito yake yachiŵiriyi, "beckon" amakupatsa chithunzi cha mnzako akukuitana ndi dzanja, koma mnzakoyo amamchotsamo. Mwana amene adaphunzira kuti liuli ndi kukodola basi, akaŵerenga pa foni kuti mwai wa ntchito kunja ukuchita "beckon", mumtima mwake amamva kufunda kwa liu la kwao. Amaiŵala funso limene agogo ake osapita ku sukulu akadafunsa asanadzuke pa mphasa: akundikodola ndani? Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amai a ku Malaŵi amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena kudzera pa Facebook, nakapezeka akuzunzika m'nyumba za anthu, ziphaso zao zoyendera zitalandidwa. Sitikuti adapusitsidwa ndi liu limodzi la Chingerezi ai. Adagwa chifukwa cha umphaŵi ndi anthu ouma mtima. Koma kalankhulidwe kamene kamazoloŵeza munthu kuitanidwa ndi zinthu zopanda nkhope kamaŵalambulira njira anthu oterewo.

Ndi liu lomweli limene olemba zokopa alendo amalikonda ponena za nyanja yathu ndi mchenga woyera wa ku Chintheche. Pamenepa sitikwiya kwambiri, chifukwa alendowo amabweretsa ntchito, ndipo mchengawo ngwokongoladi. Chotiseketsa chamumtima nchakuti mbale wake wa liuli adafika kale pa gombe pomwepo. "Beacon" uja ife timamutcha bikoni, kachipilala ka simenti kamene oyeza malo amakwirira pa ngodya ya puloti. Liu limodzi likuitana munthu wa ku London kuti adzasambe, pamene mbale wakeyo akuuza mai wa m'mudzi kuti njira imene ankadzera pokachapa yathera pano.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa koposa nchakuti kanenedwe kachilendoka kangathe kukhazikika m'Chicheŵa chathu. Munthu wolemba nkhani kapena woulutsa mau, akamaganiza m'Chingerezi nkumalemba m'Chicheŵa, sachedwa kutipatsa ziganizo zonga zakuti mwai ukukodola achinyamata, kapena chikho chikukodola timu yakutiyakuti. Sitikuti Chicheŵa sichingapatse dzanja chinthu chopanda moyo. Mlakatuli angathe kunena kuti manda akuikodola nkhalamba, ndipo womva amagwidwa nthumanzi chifukwa amalionadi dzanjalo likutuluka m'nthaka. Koma mphamvu ya mau otere ili m'kusoŵa kwake. Tikaŵazoloŵeza pa chikho cha mpira ndi pa ngongole za kubanki, liu lathu lidzafumbwa monga lidafumbwira la Angerezi, ndipo tidzataya liu limene limatikakamiza kutchula mwini dzanja. Chonsecho mau ena tili nawo, ndipo lililonse limaulula zoona zake. Pali kukopa, pali kunyengerera, pali kuitanira monga amachitira anyamata a minibasi pa mseu wa M5, palinso kutchera. Womasulira waulesi ndiye amene amatola kukodola paliponse pamene wakumana ndi "beckon", osayamba wayang'ana ngati pali munthu kuseri kwake.

Tidatenga pensulo tsono nkulemba m'munsi mwa yankho la mwana uja kuti: kapena kukopa, ngati woitanayo sakuoneka. Iye adada nkhaŵa kuti aphunzitsi adzamchotsera malikisi, ndipo tidamuuza kuti pa mayeso alembe monga adaphunzitsidwira. Atakhala chete kanthaŵi, adatikumbutsa za mlongo wake, amene chimalizireni Fomu 4 ali pakhomo, akuthandiza kuyanika usipa pa thandala. Mnyamatayo walandira mauthenga aŵiri pa foni. Wina ngwochokera kwa bambo ake aang'ono a ku Johannesburg, oti apite akayese mwai. Wina ngwochokera kwa munthu amene adadziŵana naye pa Facebook, wolonjeza ntchito ya pa hotela ku dziko lina la Aluya, ulendo wolipiriratu.

"Nanga pamenepa ndilembe liti, amalume?"

Tidamuyankha kuti bambo ake aang'onowo tikuŵadziŵa, tidavina pa ukwati wao, ndipo zitavuta khomo la mai ao ku Tukombo sitingasokere. Pamenepo alembe kukodola. Pa uthenga wachiŵiri uja mwanayo adayang'anitsitsa chithunzi cha wotumizayo, chimene chidali cha nyumba yaitali ya magalasi yopanda munthu. Adasiya mzerewo wosalemba kanthu, nati ayambe wakafunsa mlongo wake ngati adamvapo liu la munthuyo.